Ghee ndi mafupa a okalamba: kashiamu amathera kuti akapukusa mkaka?

Nabanda (Limbe): Moni nonse pagulu pano. Funso langa lipite kwa amene mukudziwa zakudya za Amwenye. Apongozi anga, azaka 68, anagwa pakhonde n'kuthyoka mkono pafupi ndi chikhatho. Pulasitala anachotsa, koma adokotala akuti mafupa awo ndi ofooka. Mayi wina wachimwenye amene ndimagulako zokometsera ndiwo akuti kwawo ku Gujarat nkhalamba zimamwa supuni ya ghee mu mkaka wofunda usiku uliwonse. Ndaonanso kanema pa Facebook wonena kuti ghee ndi wodzaza ndi kashiamu, ati ndi zimene Ayurveda, chiphunzitso chakale cha zamankhwala cha ku India, imaphunzitsa. Chitini chake n'chodula kwabasi. Ndigule kapena ndingotaya ndalama?

Mai a Tadala: Ghee ndiye chiyaninso abale? Ena tinangozolowera mafuta oyeza pa kabotolo kumsika kkkk

Chisomo (Bengaluru): Ndi batala wosungunula, mayi. Amamuwiritsa mpaka madzi onse atauluka, n'kusefa zotsalira za mkaka, kutsala mafuta okhaokha achikasu. Kuno ku India palibe khitchini yopanda botolo lake.

A Mwale: Achemwali a Nabanda, pepani ndi ngozi ya amayiwo. Ndiyankhe kaye za kanemayo: ananama. Magalamu 100 a ghee amakhala ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 4 basi. Mkaka wolemera chimodzimodzi uli ndi pafupifupi 120, ndipo kapu imodzi yabwino imapereka pafupifupi 300. Ku India komweko, bungwe lawo loona za kafukufuku wa zachipatala la ICMR linati mu 2020 munthu wamkulu azipeza mamiligalamu 1,000 patsiku. Kuti apongozi anu apeze mlingo umenewo kuchokera mu ghee, afunika kudya makilogalamu 25 tsiku lililonse. Pa chakumwa chimene mayi wachimwenyeyo wakuuzani, chogwira ntchito pa fupa ndi mkakawo.

Ankolo Gama (Leicester): Aphwanga a Mwale, manambala ndawamva, koma musathamange. Ine kuno ku England ndimakhala pakati pa Agujarati, kufupi ndi Belgrave Road. Azigogo awo amayenda okha kupita kukachisi, msana uli njo. Anthu amenewa adya ghee zaka masauzande. Mukuti makolo awo onse anali opusa, kudikira inu ndi kompyuta yanu?

A Mwale: Iyayi ankolo, sindinatchule makolo a munthu. Ndatsutsa wojambula kanema. Komanso mumaona amene akuyenda pamsewu. Wothyoka chiuno ali gone m'nyumba, simukumana naye pa Belgrave Road.

Chisomo (Bengaluru): Ankolo, ndiloleni ndifotokoze zimene ndimaona kunyumba kumene ndimachita lendi, mwina zithandiza. Amayi eni nyumba amapangabe ghee mwachikale. Amawiritsa mkaka madzulo, ukazizira amathiramo supuni ya mkaka wosasa wadzulo, n'kuusiya ugone. M'mawa umakhala utagwirana. Amathira madzi ozizira pang'ono n'kuyamba kupukusa ndi mpukuso wathabwa wokulunga chingwe, dzanja ili kukoka, linalo kubweza. Pakapita nthawi timibulu toyera timayamba kuyandama pamwamba. Amatiwola ndi dzanja, kutiumba mpira, kuutsuka m'madzi. Batalayo ndi amene amapita pamoto wochepa. Poyamba amachita thovu n'kumathetheka, kenako phokoso limatha, pansi pa poto pamakhala tinyenyeswa tofiirira, nyumba yonse kununkhira ngati mtedza wokazinga. Amaponyamo tsamba limodzi kapena awiri a curry, n'kusefa pa kansalu.

Tsono mumphika muja mumatsala madzi oyera ambirimbiri, owawasa pang'ono. Sataya ngakhale dontho. Amathiramo mchere ndi tizokometsera, banja lonse limamwa pambuyo pa chakudya chamasana, tsiku ndi tsiku. Kuno amati majjige, kumpoto amati chaas.

A Mwale: Chisomo wandilankhulira. Kashiamu wa mu mkaka sakhala m'mafuta, amamatirira ku mapuloteni ndipo wina amasungunuka m'madzi ake. Ukapukusa, mafuta amapita kwawo, kashiamu amatsala m'madzi oyera aja. Tiwerengere limodzi. Mkaka wa ng'ombe umakhala ndi mafuta pafupifupi magawo 4 pa 100, ndiye kilogalamu imodzi ya ghee imafuna malita pafupifupi 25. M'malita amenewo muli kashiamu pafupifupi mamiligalamu 30,000. Wolowa mu ghee ndi pafupifupi 40. Kufuna kashiamu mu ghee kuli ngati kufuna gaga mu ufa woyera: anatsala pa mtondo pokonola. Banja la ku India lokhala ndi ng'ombe linkadya zonse ziwiri. Wogula chitini ku Limbe akugula mafuta okha, madzi aja anatsala ku fakitale.

Mai a Tadala: Ndiye kuti chambiko chathu chija chikuposa chitini cha a Nabanda?

A Mwale: Pa nkhani ya kashiamu, kutalitali.

Yamikani K.: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ndinakhalako ku Kerala, ku India, pa maphunziro ena ndipo ndinkakonda kucheza ndi anzanga ophunzira Ayurveda. Ndikuona kuti tikuweruza mlandu umene Ayurveda sinapalamule. Buku lawo lalikulu, Charaka Samhita, ndi la zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Kashiamu anamupatula koyamba ndi wasayansi Humphry Davy mu 1808. Palibe pamene mabuku amenewo akanati ghee ali ndi kashiamu. Amenewo ndi mawu a otsatsa malonda a lero.

Iwo maganizo awo amayenda chonchi. Amati thupi lili ndi zomangira zisanu ndi ziwiri, zotchedwa dhatu, ndipo chilichonse chimadyetsa chinzake chotsatira. Chakudya chikagayika chimasanduka madzi opatsa thanzi, madziwo amadyetsa magazi, magazi mnofu, mnofu mafuta, mafuta fupa, fupa mafuta a m'kati mwa fupa, kenako mbewu yoberekera. Taonani pamene pali fupa: limabwera pambuyo pa mafuta. Kwa iwo, munthu wouma thupi fupa lake lilibe chodya. Chachiwiri, amati fupa ndi nyumba ya vata, mphamvu imene amaifotokoza kuti ndi youma, yopepuka, yozizira ndiponso yokhakhala, ndipo imachuluka munthu akamakalamba. Vata ikakwera fupa limachepa. Ndiye pothana ndi chouma amapereka chonona. Pa mafuta anayi amene amatchula, ghee, mafuta a mbewu monga chitowe, mafuta a nyama ndi mafuta a m'mafupa, Charaka amaika ghee patsogolo chifukwa amatenga mphamvu ya mankhwala amene waphikidwa nawo osataya yake. Kunena kwina, ghee kwa iwo ndi chonyamulira mankhwala.

Ankolo Gama (Leicester): Eyaa! Ndi zimene ndimanena ine.

Yamikani K.: Dikirani ankolo, musaombe m'manja msanga kkk. Mukudziwa mmene Charaka amati ghee wa matenda a mafupa aperekedwere? Si pa supuni ayi. Amati mkaka ndi ghee ziphikidwe ndi zitsamba zowawa, n'kuzipopera m'matumbo kudzera kumbuyo. Njirayo amaitcha basti. Zowawa zimene asing'anga awo amagwiritsa ntchito ndi monga nimu ndi guduchi.

Mai a Tadala: Mayo ine! A Nabanda, kawauzeni apongozi zimenezo tione ngati banja likhalepo mawa kkkkkk

Nabanda (Limbe): Inu Mai a Tadala mundipha ndi phwete, ndili mu minibasi.

Yamikani K.: Chinanso, asing'anga a Ayurveda akafuna cholimbitsa fupa mwachindunji amatembenukira ku zinthu zina: phulusa la zigoba za nkhono za m'nyanja, la makoko a mazira, ufa wa miyala ya korali umene amati praval pishti. Zonsezo lero tikudziwa kuti ndi kashiamu weniweni. Sankadziwa dzina lake, koma anafika pomwe ali. Palinso chomera cha tsinde la ngodya zinayi chimene amati hadjod, asayansi amati Cissus quadrangularis, amapatsa wothyoka fupa. Chimameranso kuno ku Africa m'malo otentha.

Che Jafali (Mangochi): Ndiye a Nabanda agule phulusalo m'malo mwa ghee?

A Mwale: Apo pokha ndikana mwamphamvu, Che Jafali. Mu 2004 dokotala wina wa ku Boston ku America, Robert Saper, ndi anzake anagula mankhwala a Ayurveda 70 m'masitolo a mumzindawo n'kuwayeza. Mwa amenewo, 14 anapezeka ndi mtovu, mekyule kapena aseniki. Mu 2008 anayezanso ogulidwa pa intaneti, zotsatira zake pafupifupi zomwezo, mmodzi mwa asanu alionse. Si onse oipa, koma botolo lopanda umboni woti linayezedwa simungalidziwe ndi maso. Ngati adokotala aona kuti mayiwo akufunika kashiamu woonjezera, mapiritsi ake alipo ku famase, mlingo wake wolembedwa.

Ankolo Gama (Leicester): Chabwino, kashiamu mulibe, ndagonja pamenepo. Koma mwana wanga amene amakonda zowerengawerenga akuti ghee ali ndi vitamini K2 ndi D, zimene zimalowetsa kashiamu m'fupa. Apo mukuti bwanji?

A Mwale: Muli kachoonadi pang'ono, koma akakokera patali. Vitamini A alimo ndithu. K2 alimo wochepa, ndipo zimadalira zimene ng'ombeyo imadya. Chakudya chodziwika kuti chili ndi K2 wambiri ndi natto wa ku Japan, soya wowoletsa. Vitamini D mu ghee ndi wochepa kwambiri moti simungamudalire. Choona n'chakuti mavitamini amenewa amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta m'chakudya, koma ntchito imeneyo nsinjiro zimaigwiranso, mapeyala amaigwiranso.

Ndipo ankolo, inu amene muli ku England nkhani ya D ikukukhudzani kuposa tonse. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 madokotala ku Glasgow, ku Scotland, ankapeza ana ambiri a mabanja ochokera ku India ndi Pakistan ali ndi mafupa ofewa mpaka miyendo kupindika. Vuto linali kuchepa kwa vitamini D: dzuwa lochepa, khungu lakuda limene limafuna dzuwa lambiri kuti lipange vitaminiyo, ndi zakudya zosamupereka. N'chifukwa chake a zaumoyo kumeneko amalangiza mamaikulogalamu 10 a vitamini D patsiku m'miyezi yozizira, ndipo kwa anthu akhungu ngati lathu, chaka chonse.

Ankolo Gama (Leicester): Timapiritsi timeneto adokotala anandiuza kalekale, tili m'kabati.

Mai a Tadala: M'kabati timalimbitsa mashelefu, ankolo.

Chisomo (Bengaluru): Kunonso, dziko la dzuwa lotentha chonchi, anthu ambiri amapezeka ndi vitamini D wochepa, makamaka a m'tauni okhala m'maofesi tsiku lonse. Ndipo kafukufuku amaonetsa kuti anthu ambiri ku India amadya kashiamu wosafika theka la 1,000 uja. Kotero chithunzi choti Mmwenye aliyense ali ndi mafupa achitsulo sichoona. Zipatala za mafupa kuno n'zodzaza.

Koma chimene ndimafuna ndikuuzeni n'china. Chakudya chimene amanyadira kuno ku Karnataka pa nkhani ya mphamvu ndi ragi mudde. Tsiku loyamba kundipatsa ndinaseka ndekha: ndi nsima ya mawere! Yoderako, youmba ngati mpira, amaboola pakati ndi chala n'kudonthezamo ghee pang'ono, umatema kambamu, kuviika mu msuzi wa masamba ndi nyemba, n'kumeza osatafuna. Ana akayamba kudya amawaphikira phala la mawere omeretsa. Alimi amadya m'mawa n'kugwira ntchito mpaka madzulo.

A Mwale: Apo ndiye pagona nkhani. Pa mbewu zonse za mtundu wa chimanga, mawere ndi amene ali ndi kashiamu wochuluka, pafupifupi mamiligalamu 340 pa magalamu 100. Mpunga woyera ndi ufa woyera sizifika ngakhale 30. Mu mbale ya Chisomoyo ghee akukometsa ndi kupereka mphamvu, kashiamu akuchokera mu mawere ndi masamba, kenako majjige pamwamba. Munthu wakunja amaona ghee chifukwa ndiye wonunkhira ndiponso wodula, n'kumupatsa ulemu wa mbale yonse.

Kumeretsa kuja kulinso ndi phindu. Mawere ali ndi zinthu zina zimene zimagwira kashiamu kuti asalowe bwino m'thupi, ndipo kunyika, kumeretsa ndi kusasitsa kumazichepetsa. Ndi zomwe amayi athu amachita popanga chimera cha thobwa.

Yamikani K.: Ndipo mawerewo kwawo n'kuno. Anayamba kulimidwa kum'mawa kwa Africa, cha ku Ethiopia ndi Uganda, n'kuwoloka nyanja kupita ku India zaka masauzande zapitazo. Koma India ndi amene anapempha United Nations kuti 2023 chikhale chaka cha mbewu zimenezi, ife eni ake tikuwasiyira a mowa wa masese. Zimandiwawa.

Nachisale: Ine ndingofunsako za chitowe. Mnzanga wachimwenye kuntchito amabweretsa timipira ta chitowe ndi shuga wa nzimbe wosayeretsa mu Januwale, ati ndi chikondwerero chawo.

Chisomo (Bengaluru): Makar Sankranti imeneyo. Ayurveda imalemekeza kwambiri chitowe pa mafupa ndi mano, mafuta ake ndi amene amadzoza okalamba pothana ndi vata ija.

A Mwale: Chitowe chosasupula chili ndi kashiamu wambiri zedi, kuyandikira 1,000 pa magalamu 100. Koma wambiri ali m'khungu lake, momwe wamangidwa ndi oxalate, chinthu chogwira kashiamu kuti asalowe bwino m'thupi, ndiye si yense amene amalowa. Chosupula, choyera mbee chija, chimatsala ndi wochepa. Vuto lomwelo lili ndi sipinachi: pa pepala kashiamu ndi wambiri, koma thupi limangotengapo pafupifupi magawo 5 pa 100, pamene mu mkaka limatenga pafupifupi 30. Mpiru ndi repu zilibe vuto limeneli kwenikweni. Mafuta a chitowe nawo ali ngati ghee, kashiamu amatsala m'zotsalira pofinya.

Che Jafali (Mangochi): Mwazungulira dziko lonse la India koma simunatchule usipa. Ife kuno timadya ndi mutu womwe, minga yonse. Agujarati ambiri sadya nsomba kapena nyama, n'chifukwa chake amadalira mkaka. Apongozi a Nabanda sali pa lamulo limenelo.

A Mwale: Zoona Che Jafali. Kansomba kodya ndi minga yomwe, kaya usipa, matemba kapena kapenta, ndi gwero labwino kwambiri la kashiamu, ndipo kamaperekanso mapuloteni amene fupa limafuna pochira. Bola osadula mitu, ndiponso osachulutsa mchere.

Nabanda (Limbe): Ndikumva. Koma tinene kuti ndagulabe kachitini kakang'ono, poti iwo anamva kale za ghee ndipo akumuyembekezera. Awapweteka? Ali ndi BP, ndiponso thupi ndi lalikulu ndithu. Mawondo amadandaula tsiku lililonse.

A Mwale: Mwachita bwino kunena zimenezo. Supuni yaikulu imodzi ya ghee ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo mafuta ake oposa theka ndi a mtundu umene umakweza kolesterolo woipa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mafuta a mtundu umenewu asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu zimene munthu amadya patsiku. Masupuni awiri aakulu atsala pang'ono kumaliza mlingo wonsewo. Kasupuni ka tiyi pa mpunga kapena m'nyemba m'malo mwa mafuta ena ophikira, palibe mlandu. Kumwa masupuni usiku uliwonse ngati mankhwala, kwa mayi wa BP wonenepa, ayi.

Za mawondo, anthu amasokoneza matenda awiri. Kuwawa kwa mawondo kawirikawiri ndi nyamakazi, kutha kwa chichereŵechereŵe cha pa mfundo. Ena amati ghee amathira girizi m'mawondo. Mafuta odya sapita pa bondo, koma kulemera kumene amabweretsa ndiko kumapita pomwepo. Koma kufooka kwa mafupa sikupweteka, kumadziwika fupa likathyoka, monga zachitikiramu.

Yamikani K.: Apa ngakhale sing'anga wa Ayurveda weniweni angagwirizane ndi a Mwale. Mabuku awo omwewo amaletsa kumwetsa mafuta munthu wonenepa kwambiri kapena amene m'mimba mwake simukugaya bwino. Ghee wa tsiku ndi tsiku amamuganizira munthu wowonda, wouma khungu. Samapereka chinthu chimodzi kwa aliyense, ndiwo mtima wa chiphunzitso chawo. Wa pa Facebook uja sanafunse n'komwe kuti wodwala ndi wotani.

Ankolo Gama (Leicester): Mukagula muwerenge chitini bwinobwino. Pali china amalemba vegetable ghee kapena vanaspati, chotchipa. Mulibe mkaka ngakhale dontho, ndi mafuta a mbewu olimbitsidwa ku fakitale. Agujarati anzangawa sachiyandikira.

Chisomo (Bengaluru): Amayi eni nyumba amatcha zonsezo Dalda, dzina la mtundu umene unayamba kugulitsidwa kuno mu 1937. Akafuna kunyoza maswiti a pa ukwati wa munthu amangoti anaphikira Dalda.

Nachisale: A Mwale, nanga poti mayiwa athyoka kale, chakudya chokha chikwanira?

A Mwale: Kawirikawiri ayi. Fupa limafika pachimake munthu ali ndi zaka pafupifupi 30, ndipo mayi akasiya kusamba limatha mofulumira chifukwa cha kuchepa kwa estrogen, homoni ya m'thupi la amayi imene imateteza mafupa. Munthu wa zaka 68 amene wathyoka mkono pongogwa kuchokera poimirira ali pa chiopsezo chothyokanso, ndipo choopsa kwambiri ndi chiuno. A Nabanda, mukabwerera kuchipatala mufunse zinthu izi: ngati n'kotheka kuyeza kulimba kwa mafupa ndi makina a DEXA, ngati akufunika mankhwala oletsa fupa kutha monga alendronate, komanso muwaonetse adokotala mankhwala onse amene mayiwo amamwa. Prednisolone womwa nthawi yaitali amadya mafupa, ndipo okalamba ena a mawondo amamugula okha popanda kulemberedwa. Muonenso chimene chinawagwetsa. Maso? Chizungulire cha mankhwala a BP? Khonde loterera?

Nabanda (Limbe): Khondelo timapaka polishi wofiira Loweruka lililonse, ndipo iwo amayendapo ndi masilipasi.

Mai a Tadala: Ndiye mwapeza wolakwa, si kusowa kwa ghee kkk

Che Jafali (Mangochi): Akuluakulu ena mkaka wa madzi umawatsegula m'mimba. Ngati apongozi ali otero, chambiko chimakhala bwino, kusasa kuja kumachepetsa shuga wa mu mkaka amene amavutitsa.

Nabanda (Limbe): Chambiko amamwa bwinobwino, amathira pa nsima yozizira. Mawere ndikawapeza kuti kuno ku Blantyre osakhala a chimera? Ndikufuna ufa wophikira phala.

Nachisale: Mumsika wa Limbe momwemo, kwa amayi ogulitsa nyemba ndi mapira, funsani osameretsa. Muwapete bwino ndi kuwatsuka chifukwa amakhala ndi mchenga, muyanike, kenako kuchigayo. Muwauze a chigayo ayambe agwedeza makina, apo ayi theka la ufa wanu likhala la chimanga cha munthu amene anagayitsa patsogolo panu.